Clarens, Lesotho mpaka Sani Pass pa Corolla, zitheka kapena ndikudzinamiza?

Bambo_a_Tadala

Moni nonse a kuno ku Joni. Chaka chino ife kumudzi sitipita, nkhani yake mukuidziwa kale, ikangofika Disembala mtengo wa basi umapenga, kuphatikiza katundu, kuphatikizanso abale onse amene amadikira kuti wa ku Joni wafika ndi kanthu, nde tinakhala pansi ndi mayi a kunyumba nkugwirizana kuti titumize ya feteleza basi ifeyo titsale. Koma kutsala kwake osati kongokhala mu Cosmo City kumamvera mawailesi a maneba mpaka chaka chatsopano ayi. Mayi a Tadala kwawo ndi ku Mulanje cha ku Likhubula, anakulira pansi pa phiri, nde amangodandaula kuti kuno mapiri amene amawaona ndi milu yachikasu ya mmigodi ija ya cha ku Nasrec. Ndikufuna ndiwatengere kumapiri enieni, tiziyenda pang'onopang'ono kumaima mmatauni ang'onoang'ono aja, lero kugona apa mawa apo.

Pa mapu ndajambula chonchi, kuchoka Joni kupita Clarens, kulowa Lesotho, kudutsa pamwamba mpaka Sani Pass, kutsikira ku Underberg nkubwerera pa N3. Pa foni zikuoneka zophweka kwabasi, kamzere kozungulira basi. Galimoto ndi Corolla Quest ya magiya apamanja yomwe ndimagwirira ntchito yonyamula anthu, tikhalamo anthu anayi, ine, madamu ndi ana awiri, wamkulu ali giredi 6 winayo ndi wa kukireshi. Tchuthi sichikwana sabata.

Nde amene munayendako tandiuzeni zoona zake. Kagalimoto kangaka kangakwere kumeneko? Pasipoti ya Malawi ku Lesotho amafuna viza? Kugona kwake nkotheka kwa munthu wa thumba ngati langali kapena ndi malo a mabwana okhaokha? Komanso poti ndi Disembala, majekete tinyamule kapena ndikungolemetsa buti?

Che_Jafali_N3

Achimwene, kamzere kanu kozungulirako kali ndi poduka, ndipo ndi pa Sani pomwepo. Ine ndimayendetsa thiraki kuchoka City Deep kupita Durban, mapiri amenewo ndimawaonera pa windo sabata iliyonse, ndipo Sani ndinakweramo pa Land Cruiser ya mnzanga. Mbali ya Lesotho ndi tala mpaka pamwamba, koma mukangodinda pa boda ya pamwambapo nkuyamba kutsikira ku South Africa, tala watha. Pakati pa maboda awiriwo ndi makilomita 8 kapena 9 basi koma ndi miyala yokhayokha, makona othina opindikira pompo pompo, kumbali phompho, ndipo Disembala ndi nthawi ya mvula, madzi amadutsa pamsewu penipeni. A boda ya kumunsi ya South Africa munthu wokwera amamufuna akhale ndi 4x4. Mumva ena akudzitama kuti anatsikapo pa Polo, zoona alipo, koma afunseni kuti pansi pa galimoto panatsala chani. Inu galimoto yanu ndi munda wanu, Januwale ikufunika ikhale pamsewu ikusaka fizi ya ana.

Nkhani imene ndikufuna muigwire kwambiri si kukwera, ndi kutsika. Galimoto iliyonse imakwera bola uipatse giya wani ndi kudekha. Anthu amafera potsika. Ukamangoponda buleki mtsetse wonse, mapadi amatentha, mafuta a buleki amawira, kenako umangoona pedulo yalowa pansi yofewa galimoto ikupitabe. Ife timati giya imene wakwerera ndi imene utsikire. Thu kapena wani, injini izilira momwemo musaimvere chisoni, buleki muziponda mwamphamvu kanthawi kochepa nkusiya kuti ipume. Mukamva kafungo kopserera imani pamalo otakasuka mudikire, ndipo musathire madzi pa madisiki otentha, amapindika. Za kuika giya pa fili kuti musunge petulo zija muzisiye ku Malibongwe Drive.

Pa N3 matoligeti opita ku Clarens ndi awiri, De Hoek kupitirira Heidelberg ndi Wilge cha ku Villiers. Mukafika Warden mukhoza kukhotera R714 kupita Bethlehem kenako Clarens, kapena kupitirira mpaka Harrismith nkulowa R712 kudzera Phuthaditjhaba, imeneyi ndi yotalikirapo koma imakudutsitsani mkati mwa paki ya Golden Gate. Ndi makilomita 300 ndi kanthu, munthu wonyamuka mamawa nkhomaliro amakadyera komweko.

Majekete nyamulani. Nyengo ya kumeneko ilibe kalendala. Mu Seputembala 2024, nthawi imene tonse tinali titasunga kale mabulangete, sinoo inagwa pa Van Reenen nkutseka N3, anthu anagona mmagalimoto usiku wonse pakati pa Harrismith ndi toligeti ya Tugela. Ndipo Van Reenen ndi kachitunda chabe poyerekeza ndi kumene mukufuna kupitako.

NaPhiri_Randburg

Achimwene ine ndiyankhe za Clarens poti ndimapitako ndi banja limene ndimalera ana, mabwana anga amakonda kumeneko kwambiri. Ndi katauni kakang'ono zedi, pakati pali bwalo la kapinga ndi mitengo, kuzungulira bwalolo ndi timasitolo ta zojambula, malo odyera, nyumba zambiri zomangidwa ndi miyala yofiirira ya mmapiri momwemo. Polowa mukuchokera ku Bethlehem pali chithanthwe chachikulu chosongoka chimene amachitcha Titanic, ana amakuwa akachiona. Kanakhazikitsidwa mu 1912, ndipo dzinalo analitenga ku katauni ka ku Switzerland kumene Paul Kruger anakamwalirira mu 1904, nde mukakaima pa bwalo paja mukhoza kuuza a kumudzi kuti muli ku Ulaya, sangakutsutseni kkkk.

Koma ndikuuzeni chilungamo, pa bwalo paja mitengo ya zinthu ndi ya Sandton. Kofi ndi kakeke anthu anayi ndalama ya ndiwo za sabata yatha. Ife antchito tikapatsidwa ofu timatsikira ku Kgubetswana, lokeshoni imene ili pafupi pomwepo, kumene kumakhala anthu amene amagwira ntchito mmahotelamo, kumeneko nyama yootcha ndi papa mtengo wake ndi wa anthu. Malo ogona sakani odziphikira nokha, ndipo musakakamire mu Clarens mwenimweni, onani ku Fouriesburg kapena mmafamu a mmbali mwa R711, kumatsikako. Disembala kumadzaza msanga nde osachedwa, bukani panopa. Ufa, mthiko, kapoto ndi usipa wanu nyamulani, palibe amene angakuletseni kuphika nsima mu kitchini yomwe mwalipira.

Golden Gate musaithamangire. Msewu wa R712 ndi wa aliyense, kungodutsa sulipira, koma mukafuna kuima kuyenda mmapiri kapena kulowa timisewu tozungulira toonera nyama mumalipira pa ofesi ya ku Glen Reenen, ndipo onetsani pasipoti chifukwa ife a mmaiko a SADC mtengo wathu ndi wotsika kusiyana ndi alendo ochokera kutali. Pitani cha mma 5 madzulo. Pali thanthwe lina lalitali lotchedwa Brandwag limene lili moyang'anizana ndi kampu, masana limangooneka lotuwa wamba, koma dzuwa likapendeka limayamba chikasu, kenako kufiira pang'onopang'ono kuyambira pansi mthunzi ukukwera, mpaka kumangotsala kamutu kokha kakuwala. Mbidzi, nyumbu zakuda ndi ntchefu zimadya udzu poyera chifukwa kulibe tchire lobisalamo. Anyani okha ndi amene muwasamale, amadziwa kuti chakudya chimakhala mu kula bokosi. Pakiyi ndi ya 1963, ndipo mmatanthwe momwemo anapezamo mazira a dayinoso, mwana wanu wa giredi 6 zimenezo zimusangalatsa.

Chinanso chimene anthu ambiri amangochidutsa, pang'ono chabe kuchoka mu Clarens polowera ku Bethlehem pali malo pamene madzi ochokera ku Lesotho amatulukira mu tanelo nkugwera mu mtsinje wa Ash. Madzi ake ozizira oti sungaikemo phazi nthawi yaitali, akuthamanga koopsa. Amenewo amatsika mpaka ku Vaal Dam, ndi omwe timatsegula pa mpope kuno ku Joni. Mayi a Tadala akawaone.

Mdala_Gama

Koma anthu inu ndalama zikukuvutani kusunga eti. Munthu wa ku Mulanje ukamuonetse phiri? Sapitwa ali phee kumudzi, Zomba alipo, Nyika alipo, aulere. Petulo ameneyo ndi matumba angati a simenti? Ife tinabwera kuno kudzasaka, za maholide tisiyire eni dziko.

NaPhiri_Randburg

Ankolo a Gama ya feteleza anena kale kuti atumiza. Ana amenewa anabadwira kuno, chimene amadziwa ndi mpanda wa njerwa ndi molo, asiyeni akaone kuti dziko limene makolo awo akuthera mphamvu lili ndi maonekedwe otani. Ndipo Nyika yaulereyo inu munafikako liti?

Wakwithu_Chiweta

Kkkk asisi mwawapweteka a Gama. Akulu Bambo a Tadala, ine ndi makaniko ku Booysens, msewu mukuunenawo ndimaudziwa chifukwa timapititsa zipangizo za majenereta cha ku Mokhotlong. Che Jafali anena zoona za Sani koma asakuopsezeni mpaka kusiya Lesotho yense. Corolla imafika mpaka pa Sani Top pa tala, chimene singachite ndi kutsikira mbali inayo basi. Nde ulendo wanu si wozungulira, ndi wopita nkubwerera momwemo, mukangovomereza zimenezo zina zonse zilongosoka.

Mulowere pa Caledonspoort, ndi pafupi ndi Fouriesburg, boda yaing'ono yopanda chipwirikiti cha ku Maseru Bridge, koma simakhala yotsegula usiku wonse nde pitani kukuwala. Mukawoloka mtsinje wa Caledon kanthawi kochepa muli mu Butha-Buthe. Pamenepo thirani fulu thanki olo geji ikuoneka kuti ili bwino, gulani buledi, madzi, chilichonse, chifukwa kuchoka apo kukafika Mokhotlong ndi pafupifupi makilomita 200 ndipo pakatipa petulo ndi wamwayi. Randi imagwira ntchito paliponse, ndi yofanana mphamvu ndi ndalama yawo ya loti, koma chenji akakupatsani cha maloti muchithere konko, kuno palibe sitolo ingalandire. Kadi musaidalire mukachoka mtauni.

Msewu wake ndi A1. Poyamba mumadutsa mzigwa za minda ya chimanga ndi mitengo ya mapichesi, midzi ili mmbali mwa matanthwe, mpaka mumayamba kuganiza kuti anthu amakokomeza. Kenako pamabwera Moteng. Inu amene munakwerako Golodi kuchoka pa Chitimba kupita ku Livingstonia ndi makona ake 20 aja, ganizani zimenezo koma pa tala, ndipo mukukumana ndi mathiraki a simenti opita ku damu la Polihali limene akumanga ndi ena a kumigodi, akutsika akufuka utsi kumatayala. Pa kona thiraki imadya mbali zonse ziwiri, mukaiona ikubwera imani patali muipatse mpata. Pamwamba pa Moteng ndi mamita 2,820. Mukatsikira pang'ono ku Oxbow mumakweranso Mahlasela, mamita 3,222, pamene pali Afriski, malo amene anthu amatsetsereka pa sinoo mu Juni mpaka Ogasiti, Disembala mupeza udzu wobiriwira ndi zingwe za makina zili chete. A Gama amve bwino apa, Sapitwa ndi mamita 3,002, anthu amakwera ndi miyendo mpaka kugona mnjira, pomwe apa mwakhala mu Corolla mukudya chipisi muli pamwamba kuposa nsonga ya Mulanje. Kutsogoloko kuli Tlaeeng yomwe ndi yokwererapo pang'ono.

Galimoto idzafooka, musadabwe nkuyamba kuganiza kuti yaonongeka. Mpweya kumwambako ndi wochepa, injini yopanda tebo imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu pa mamita 1,000 alionse, nde Joni ili kale pa 1,750, mukafika pa 3,200 ndi anthu anayi ndi katundu muzidzaona ngati mukukoka ngolo. Zimitsani eyakoni pokwera, diso pa geji ya kutentha, musasewere ndi kalachi pa chitunda. Anthunso ndi chimodzimodzi, kungothamanga pang'ono kukajambula chithunzi wefuwefu, mutu waung'ono, wa kukireshiyo mwina adzalira makutu, mpatseni chotafuna. Paketi ya chipisi yosatsegula imene mwagula ku Butha-Buthe muisunge, mukafika pa Mahlasela idzakhala itafufuma yolimba gwa, ana amasangalala nazo.

Kumwambako kulibe mtengo ngakhale umodzi, udzu waufupi, miyala yakuda, timitsinje toyera ndi mphepo. Umayenda nthawi yaitali osaona nyumba nkumati kuno kulibe munthu, ukangoima kuti utaye madzi, mnyamata uyu watulukira kuseri kwa mwala, bulangete lotuwa lomanga ndi pini wamkulu paphewa, chipewa chobisa nkhope yonse kungotsala maso, magambutsi, ndodo mmanja, agalu awiri aubweya pambuyo. Ndi abusa a nkhosa ndi mbuzi za ubweya, nthawi ya dzinja amakhala kumwambako miyezi mtinyumba ta miyala. Mpatseni moni kaye, ndipo musamujambule musanapemphe. Ine ndimanyamula buledi ndi maapozi owonjezera, zamaswiti zoponya pa windo zija ndimadana nazo, zimaphunzitsa ana kuthamangira magalimoto pamsewu woti mabuleki ndi ovuta kale. Mmidzi mudzaona ndowe zouma zitasanjidwa bwinobwino pakhoma, ndizo nkhuni zawo. Mudzaonanso timbendera pa mitengo yaitali pakhomo, yoyera ndiye kuti pali mowa wamasese, yofiira apha nyama, yobiriwira akugulitsa masamba. Nkhosa, abulu ndi anthu okwera mahatchi msewu ndi wawo, inu ndi alendo.

Mudzadutsa pa Letseng, mgodi wa dayamondi umene uli pa mamita 3,100, milu ya miyala yotuwa italiitali mmbali mwa msewu. Pamenepo ndi pamene anapeza mwala wa makarati 910 mu 2018, wina wa 603 mu 2006, koma mukayang'ana midzi yoyandikana nayo mudzangopukusa mutu, nkhani yake ndi yomwe ija timaidziwa kwathu. Kenako Mapholaneng, kenako Mokhotlong, katauni kafumbi ka mashedi ometera nkhosa, mahatchi atamangidwa panja pa sitolo. Kuchoka apo kukwera Kotisephola, ena amati Black Mountain, nkutsikira pa Sani Top, mamita 2,870 ndi kanthu. Phiri la Thabana Ntlenyana, mamita 3,482, lalitali kuposa onse kummwera kuno kwa Africa, lili chapafupi pomwepo koma silioneka modzionetsera, ndi chitunda chabe pakati pa zinzake. Pa Sani Top pali bala imene imadzitcha yokwera kuposa zonse mu Africa, mukaima pakhonde pake mumaona msewu uja a Jafali akunena ukupindikapindika pansi pa mapazi anu, ma 4x4 akukwawa. Mukauona nokha simudzafunanso kutsutsana ndi munthu.

Makilomita asakunamizeni. Butha-Buthe kukafika Sani Top ndi tsiku lathunthu mukaphatikiza kuima, foni idzakuuzani maola ochepa koma foni sidziwa za chifunga ndi nkhosa. Disembala mvula ya mabingu imakonda kubwera masana, nthawi zina ndi matalala, ndipo mphenzi za kumeneko zimapha abusa ndi ziweto, nde nyamukani mbandakucha kuti pofika 2 koloko mukhale mwatsika pamwamba. Usiku musayende, ziweto zimagona pa tala chifukwa pamakhala pofunda.

Kunena zoona ndi masiku anu ochepawo komanso mwana wamng'ono, ine ndikanakhala inu ndikanathera pa Afriski nkubwerera kukagona kumunsi. Moteng ndi Mahlasela zokha zakwana kuti mayi a Tadala asiye kunena za Likhubula mwezi wathunthu. Kapena tsiku linalo mupite ku Katse kudzera Hlotse ndi Pitseng, kukwera Mafika Lisiu mamita 3,090, nkonso ndi tala. Khoma la damu limenelo ndi mamita 185, madzi ali mzigwa zopapatiza mokhotakhota, ndiko kumachokera madzi amene asisi NaPhiri akunena, pangano lake maiko awiriwa anasainirana mu 1986. Amawetamonso nsomba za trout, si chambo koma ndi nsima zimatsika.

Sisi_Grace_Yeoville

Nonse mukukamba za magiya ndi mapiri koma funso lalikulu mwalilumpha. Achimwene mapepala anu ali bwanji? Sindikufunsa kuti muyankhe pagulu pano, dziyankheni nokha ndi akazi anu. Pasipoti ya Malawi ku Lesotho sifuna viza, kulowa kwake nkosavuta. Vuto ndi kutuluka mu South Africa ndi kubwereranso. Pa Caledonspoort pali kompyuta yomwe ija ya ku Beitbridge. Ngati masiku anatha, pakutuluka pompo amakudinda kuti ndiwe wosafunika, kupitirira ndi masiku osakwana 30 ndi chaka chimodzi osalowa, kupitirira apo ndi zaka zisanu. Taganizani muli mbali ya Lesotho ndi ana awiri ndi Corolla, nyumba ndi katundu zili ku Cosmo City, ndipo Lesotho yazunguliridwa ndi South Africa mbali zonse, kulibe kwina kotulukira pa msewu. Amene ali ndi pepala la asayilamu asayerekeze nkomwe, ukangotuluka mdziko pepalalo lafa. Enanso amaganiza kuti kulowa Lesotho nkubwerera ndi njira yopezera masiku 30 atsopano, ayi, kawirikawiri amangokupitirizira amene anatsala kapena kukupatsa ochepa kwambiri.

Ngati mapemiti a nonse anayi ali bwino, nyamulani mapasipoti, mabefi setifiketi a ana, laisensi, pepala la umwini wa galimoto, ndipo ngati galimotoyo ikadali pa ngongole kapena ili mdzina la munthu wina mufunika kalata yololeza kuti ituluke mdziko. Afunseninso a inshuwalansi ngati amafika ku Lesotho. Pa boda pali kandalama kolipirira msewu, khalani ndi kashi. Foni ikangowoloka imayamba kudya mayunitsi, mapu atsitsirenitu muli kuno.

Ngati pali mmodzi amene pepala lake lili ndi chifuwa, musadandaule, mapiri omwewo ali ndi mbali ya kuno. Kuchoka Golden Gate pitani ku Phuthaditjhaba mukwere mpaka Witsieshoek, muli kale pamwamba kuposa mamita 2,000. Kenako R74 kudutsa damu la Sterkfontein, kutsika Oliviershoek, nkulowa ku paki ya Royal Natal mukaone Amphitheatre, chikhoma cha thanthwe cha makilomita pafupifupi 5 mlitali, pamene mathithi a Tugela amagwa mamita 948, ndipo Disembala ndi pamene amakhala ndi madzi. Bergville ndi Winterton ndi timatauni ta alimi, muli masitolo ndi mafuta. Mukafuna pitirirani mpaka Underberg ndi Himeville kudzera Howick pa R617, mudzaime pamalo pamene anagwirira Mandela mu Ogasiti 1962, pali chosema cha zitsulo chimene nkhope yake imaoneka ukaima pamalo amodzi okha. Zonsezi popanda kudinda paliponse. Komabe mapepala yendani nawo, marodibuloko a Disembala mukuwadziwa.

Bambo_a_Tadala

Abale inu mwandithandiza kobasi. Sisi Grace mapepala athu tonse ali bwino mpaka chaka chamawa, galimotonso ndinamaliza kulipira ili mdzina langa, koma zimene mwalembazi ndatumizira mlamu wanga amene amafuna kutitsatira ndi banja lake, wangoyankha kuti aganize kaye. Madamu awerenga zonse, akuti Sani tiisiye, tigone mbali ya Fouriesburg malo amodzi, tsiku lina Golden Gate ndi madzi aja, tsiku lina tilawirire kukwera Moteng mpaka Afriski nkubwerera, pobwerera ku Joni tidzere ku Royal Natal. Katse akuti tiona mmene thumba likhalire. A Gama simenti tigula chaka chamawa, chithunzi tikutumizirani.

A Wakwithu, mapadi ndinasintha chapakati pa chaka, matayala akutsogolo ndi atsopano akumbuyo atsala pang'ono. Pali china choti ndionetse ndisananyamuke?

Che_Jafali_N3

Matayala akumbuyowo sinthani achimwene, tala wonyowa pa kona ya Moteng safuna tayala lometa, ndipo sipeya muipope, ambiri amaikumbukira itaphwa kale. Tsiku lonyamuka pewani pa 15 ndi 16 Disembala komanso Lachisanu lililonse, N3 imadzaza kuyambira pa De Hoek anthu akuthamangira kunyanja. Lachiwiri kapena Lachitatu 4 koloko mmawa mudzayenda nokhanokha ndi ife a mathiraki. Pobwerera kuchoka ku Royal Natal kwerani Oliviershoek yomweyo mukalowe N3 pa Harrismith, mwazemba Van Reenen ndi toligeti ya Tugela.

Chinanso, kukazizira usiku musalowetse mbaula mchipinda mutatseka mawindo. Tataya anthu athu ambiri mmashaki kuno chifukwa cha zimenezo.

Wakwithu_Chiweta

Mapadi atsopano pa mafuta akale sizithandiza akulu. Mafuta a buleki amayamwa chinyezi akakhalitsa, nde amawira msanga, ndipo magalimoto onyamula anthu ngati yanuyo ambiri sanasinthidwepo chichokereni ku fakitale. Tikhetse onse tithire atsopano, tione mapaipi a rediyeta ndi chivindikiro chake, fani ngati ikuyaka nthawi yake, handibuleki ngati ikugwira pa chitunda, ndi kalachi ngati sikuterera. Bwerani nayo Loweruka mmawa isanakwane 9, ndilembereni ku inibokosi ndikuuzeni pamene tili. Mafutawo mugule nokha DOT 4 mabotolo awiri, ntchitoyo mudzangondigulira fanta.